Mvula ya ku Bordeaux yandimasula pa nkhani ya zaka za vinyo

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikulimbana ndi pepala la zaka za vinyo, ndiye kuti zaka zimene mphesa zinakololedwa, limene tinapatsidwa pa kosi yathu ya za vinyo, kuloweza kuti chaka chakuti n'chabwino, chakuti n'choipa, m'mawa mwake zonse zauluka. Lachiwiri usiku, titatseka lesitilanti imene ndimagwirako ntchito kuno ku Cape Town, ndinakhala pa tebulo la kukhitchini ndi kope langa, ndipo mfundo imene inkandithawa inabwera yokha.

Za tannin (chimene chimaumitsa m'kamwa ukamwa vinyo), za kuwawasa, za kugoneka botolo chammbali pamalo amdima a madigiri 12 kapena 13, inu anzanga a m'kalasi mukuzidziwa kale. Chimene chinkandizunguza mutu ndi 1996 ndi 1998. Buku limati zaka zonse ziwiri n'zabwino ku Bordeaux, dera la vinyo la ku France, koma limachenjezanso kuti ukagula molakwika pa zaka zomwezo ulira. Ndinkadzifunsa kuti chaka chimodzi, dera limodzi, chingakhale bwanji chabwino ndi choipa nthawi imodzi.

Yankho lake ndi tsiku limene mvula inagwa, ndi mtundu wa mphesa umene unali usanathyoledwe tsikulo. Tsidya lina la mtsinje, ku Pomerol ndi Saint-Émilion, kumene kuli dothi ladongo, amalima kwambiri mphesa ya mtundu wa Merlot, ndipo Merlot imapsa msanga. Tsidya linalo, ku Médoc, pa nthaka ya miyala, mphesa yaikulu ndi Cabernet Sauvignon, imene imachedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri. Mu 1998 mvula inayamba kumapeto kwa Seputembala. Merlot yambiri inali italowa kale m'nyumba, pamene Cabernet inali idakali m'munda, ikunyowa. Mu 1996 zinatembenuka: mvula ya mu Ogasiti inavutitsa Merlot, koma nyengo youma imene inatsatira inapatsa Cabernet mpata wopsa bwinobwino. N'chifukwa chake wosunga vinyo amafuna vinyo wa ku Pomerol wa 1998 ndi wa ku Pauillac, dera la ku Médoc, wa 1996.

Nditangomvetsa izi ndinakumbuka kumudzi. Mayi anga amadzala chimanga chocha msanga kumtunda, cha makolo kumunsi. Chaka chimene mvula yadula mu Febuluwale, chocha msanga chimapulumuka, chinacho chimafota. Munthu akafunsa kuti chaka chinali bwanji, mayi amayamba afunsa kuti ukunena munda uti. Funso lomwelo ndi limene ndinkalephera kufunsa pa vinyo.

Kenako ndinabwerera ku 1964, chaka chimene ndinkangochilumpha. Mvula yamphamvu inayamba pa 8 Okutobala. Pomerol inali itamaliza kukolola, ndipo vinyo wake wa chaka chimenecho amatamandidwa mpaka lero. Ku Médoc, eni munda wa mphesa wa Château Latour anathyola mvula isanafike ndipo anapanga vinyo wabwino, pamene ena amene anadikira anakolola mphesa zomwa madzi. Mphesa ikamwa madzi imatupa, mphamvu yake imasungunuka, ina imawola. Vinyo wotere sakhala zaka makumi awiri m'botolo, amatha mphamvu ali mwana. 2013 ndi chitsanzo chapafupi, chaka chonyowa chimene vinyo wake ndi wakumwa msanga, osati wosunga.

Tsopano ndasiya pepala la manambala. M'kope langa chaka chilichonse chili ndi tsamba lake, ndipo ndimalembapo zinthu zitatu zokha: ngati kunagwa chisanu mphesa zikuphuka, mmene dzuwa linawombera, ndi nthawi ya mvula yokolola. Ndikunena mosabisa kuti njira imeneyi ikuposa zonse zimene ndayesapo, ngakhale kulawa kumene. Lilime limanama ukatopa, koma mvula ya 1964 sisintha. Ndi njira yomweyi ndamvetsa chifukwa chake 2003, chaka cha kutentha koopsa ku Ulaya, chinapereka vinyo wambiri wochepa kuwawasa. Ndamvetsanso kusiyana kwa 2009 ndi 2010: choyamba chofunda, vinyo wake wofewa ndi wotseguka msanga, chachiwiri chouma, usiku wozizira, vinyo wolimba wofuna kudikiridwa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu sanatiuze zimenezi poyamba. Anangotigawira pepala n'kunena kuti tiloweze chifukwa zibwera pamayeso. Nditafunsa za 1998 anati nthawi yatha, tidzaziona mtsogolo. Ifetu timalipira kosi imeneyi ndi ndalama za matipu. Ndimaweruka pakati pausiku, mapazi atatupa, m'mawa n'kukwera takisi kupita kukalasi, ndiye munthu n'kumandipatsa manambala opanda chifukwa chake. Mphindi khumi zokha pa bolodi zikanandipulumutsira miyezi itatu.

Dzulo ndinatsikira kuchipinda chathu chosungira vinyo kukatenga oda. Ndinaima pang'ono m'kuzizira muja, ndikupukuta fumbi pa mabotolo ndi chala, ndikuwerenga zaka. Kwa nthawi yoyamba chaka chilichonse chinkandiuza nyengo yake.

Komabe pali pamene ndikukayika. Ku Bordeaux kukutentha kuposa kale ndipo akukolola msanga, ndiye mwina mvula ya mu Okutobala siidzakhalanso ndi mawu ngati mmene zinalili mu 1964. Kuno ku Stellenbosch, dera la vinyo pafupi ndi Cape Town, kumene amakolola mu Febuluwale ndi Malichi, vuto lalikulu ndi chilala ndi dzuwa, ndipo 2015 ndi 2017 zimatamandidwa pa zifukwa zina. Kope langa silinafike kumeneko. Ndili ndi botolo limodzi la Cabernet ya ku Stellenbosch ya 2017, ndinalikulunga m'juzi pansi pa wadiropu, m'chipinda chimene chimatentha kwambiri mu Januwale. Tsiku lina ndimati ndilisunge zaka zina zisanu, tsiku lina ndimaopa kuti kutentha kwaliwononga kale, ndipo mpaka pano sindinasankhe.