Sabata yomwe ndege yahayala inatisiya pamtetete

Ine ntchito yanga ndiyokonzera anthu maulendo kuno ku Mzuzu, matikiti, malo ogona, galimoto zopita ku Nyika, zoterozo. Lolemba m'mawa ndangotsegula kompyuta tiyi ali m'manja, meseji pa WhatsApp, akuti kampani ya ndege zahayala yomwe timagwira nayo ntchito yayimitsa kaye maulendo onse. Mawu akuti "kaye" amenewo ine ndinangodziwiratu kuti basi zatha. Dzina sinditchula, koma kampaniyi sinakwanitse ndi zaka ziwiri zomwe, ndipo ife tinali titawapatsa kale depoziti ya alendo anayi oti awuluke Lachitatu kupita ku Likoma. Kuyimba foni imangolira, kuyimbanso yazimitsidwa.

Lachiwiri ndinapeza pailoti wawo mmodzi, timadziwana, naye anali asanalandire malipiro ndiye analankhula zonse osabisa. Kani ndege inali imodzi yokha, ka Cessna kobwereka, lendi yake m'madola, inshuwalansi m'madola, sipeya aliyense kuyitanitsa ku Johannesburg m'madolanso, pomwe makasitomala ambiri akulipira makwacha. Mukukumbukira November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye munthu woti ngongole zake zili m'madola mungoganiza nokha. Chinawamaliza nchakuti ndegeyo inafika maola ake oti ikalowe mu hangala amakaniki akaiwone, chipangizo china cha injini chikufunika chatsopano, ku banki forex kulibe, ndege yangokhala pansi koma lendi ikuwerengabe. Ndipo hayala ili ndi vuto lomwe anthu saliwona, ndege imanyamuka ku Lilongwe yopanda munthu kudzatenga anthu anayi kuno ndipo mafuta imamwa chimodzimodzi, ukauza kasitomala kuti alipire ulendo wopanda anthuwo amati ukumubera. Ndiye ankatsitsa mtengo kuti apeze anthu, depoziti yathu ya Lachitatu nkulipirira mafuta a mwezi watha.

Nditawafotokozera abwana anga anangoseka chapansipansi. Iwowa ayamba kalekale ntchitoyi. Akuti "Achimwene, izi mwaziwona lero?" nkuyamba kundiwerengera. Velvet Sky ya ku Durban inayamba kuwuluka mu March 2011, pofika February 2012 inali itayima, BP ikuyikokera kukhoti pa ngongole ya mafuta, chaka osakwana. Kampani ina ya ndege ya ku South Africa, 1time, nayo inagwa November 2012 anthu ali ndi matikiti m'manja pa eyapoti. Ngakhale Air Malawi yathu yomwe ija, ya boma, inayima mu February 2013, kenako nkubwera Malawian Airlines yomwe boma lili ndi 51 peresenti, Ethiopian Airlines 49. Ngati zimphona zimagwa choncho, nanga kandege kamodzi?

Lachitatu ndi lomwe linandikalambitsa. Alendo aja afika ndi zikwama zawo zopepuka zija poti tinawauza kuti mu kandege kakang'ono salola masutikesi olemera, ine ndayima pakhomo kusowa poyambira. Bambo mmodzi anangondiyang'ana nkutulutsa lisiti, kuliyala pa tebulo bwinobwino nkuliwongola ndi chala, osayankhula kanthu, bola akanandikalipira. Tinawakweza galimoto kutsetsereka nawo ku Nkhata Bay, Ilala siyenda tsiku lililonse ndiye anagona konko masiku awiri pa bilu yathu kudikira boti, ulendo woti pandege sukwana ndi ola limodzi.

Lachinayi palibe chinachitika, kungolemba makalata omwe ndikudziwa kuti palibe adzayankhe.

Lachisanu abwana anandiyitana, atsegula buku la maakaunti, akuti alendo aja tiwabwezera ndalama yawo yonse kuchokera m'thumba mwathu chifukwa lisiti lili ndi chidindo chathu osati cha eni ndege. Ndipo kuyambira pano aliyense wobwera ndi ndege yahayala ndizimufunsa kaye kuti muli nazo zingati, nzanu kapena zobwereka, ndipo depoziti izikhala kwa ife mpaka mawilo atachoka pansi. Madzulo ake mmodzi wa alendo aja ananditumizira chithunzi ali kutsogolo kwa tchalitchi cha St Peter's ku Likoma, nkhope yapsa ndi dzuwa la pa boti, pansi pake walemba kuti pobwerera ndiwapezerenso boti lomwelo.