Lipoti la tsiku la ku Gozo: timagalimoto ta magetsi, kalulu ndi kamba wa Ankolo

Moni nonse a gulu lathu la oyendetsa alendo. Pa msonkhano wa ku Ginnery Corner uja munati tsiku la ku Gozo, pa ulendo wathu wokaphunzira ku dziko la Malta uja, ndililembe padera, poti lipoti la komiti lili ndi matebulo okhaokha komanso nkhani ya galimoto ya Ankolo ikumakambidwa mosiyanasiyana pa gulupu, aliyense akuikapo zake, ena osapita nawo nkomwe. Ine ndinali mu galimoto ya a Tcheya kumbuyo kwenikweni kwa Ankolo, ndiye zambiri ndinaziona ndi maso angawa, zotsalazo ndafunsa atatu amene anakwera nawo.

Za pandege, Chileka, Addis Ababa, Rome mpaka Malta, sindikambapo, munaziona kale pa zithunzi. Tinkagona ku St Paul's Bay, ndipo usiku woyamba Abusa anatiwerengera Machitidwe 27 ndi 28 tili pakhonde tikuyang'ana nyanja, Melita uja amene Paulo chombo chinamuswekera ali ndi anthu 276 onse nkupulumuka ndi Malta yemweyu. Mai Msungichuma analira ndithu.

Gozo ndi chilumba china, chaching'ono, makilomita 14 m'litali ndi 7 m'lifupi. Tinakwera basi m'mamawa kupita ku doko la Ċirkewwa, kenako chombo chachikulu chonyamula ndi magalimoto omwe, mphindi 25 basi, kudutsa pafupi ndi kachilumba ka Comino. Popita sulipira, tikiti umagula pobwerera ku doko la Mġarr, ndiye Mai Msungichuma anafunsa antchito a m'chombo mobwerezabwereza ndalama ili m'manja, amvekere sindifuna kukamangidwa dziko la eni ine.

Pa Mġarr tinapeza gaidi wathu akutidikira ndi timagalimoto tinayi, kake kotsogolera ndi tathu titatu, kalikonse anthu anayi, poti tinalipo 12. Ndi totseguka m'mbali, denga lokha pamwamba. Mulibe giya, mulibe kilatchi, kabatani kamodzi ka kutsogolo ndi kumbuyo, buleki ndi akiseleta basi, ndipo ukakiya sumva kalikonse, umangoona tinyali tayaka pa dashibodi ndi nambala ya batire. Ankolo anakiya nkukhala phee kudikira kuti injini ilire, gaidi nkuwauza kuti bambo yayaka kale imeneyo. Chimene chinatipepukira nchoti kumeneko amayendanso kumanzere ngati kwathu kuno, nawonso analamulidwa ndi Angelezi ndipo ufulu anaulandira pa 21 September 1964, ife titalandira wathu pa 6 July chaka chomwecho. Malamulo a gaidi anali ochepa: woyendetsa aonetse laisensi, asamwe mowa, phazi limodzi lokha, osapitirira galimoto ya gaidi zivute zitani, komanso kusamala anthu oyenda pansi chifukwa sakumvani mukamabwera.

Mkangano woyamba unabuka pomwepo pa doko. Azibambo anali atagawana kale ziwongolero m'chombo muja osafunsa munthu, a Tcheya, Ankolo ndi Mlamu wa ku Likhubula. Mai Msungichuma anangotsegula chikwama nkutulutsa laisensi yawo, amvekere ndalama za ulendo uno ndatolera ndine miyezi yonseyi, lero ndiyendetsa. Mlamu anayesa kunena zoti misewu yake njachilendo, Achemwali a ziboliboli nkuwayankha kuti kodi inuyo munabadwira kuno? Mlamu anagonja mwaulemu. Ndipo ndilembe pano kuti zisaiwalike, Mai Msungichuma ndi amene anayendetsa bwino kuposa tonse, madzulo batire yawo inatsala yambiri kuposa ngakhale ya a Tcheya ndipo gaidi anawagwira chanza pamaso pathu.

Ankolo zaka zonse zija za minibasi ya Limbe-Blantyre zinawatsatira. Tisanatuluke nkomwe pa doko phazi lamanzere linapita kukasaka kilatchi nkuponda buleki ndi mphamvu zonse, Abusa chipewa chinagwera pa dashibodi, ife kumbuyo a Tcheya anaima patsala pang'ono kwambiri.

Tinayambira ku Xewkija, tchalitchi chozungulira chachikulu chimene chimaonekera kutali. Anayamba kumanga m'ma 1950, anthu a m'mudzimo eni ake ndi zopereka zawo ndi manja awo, zaka pafupifupi 20, ndipo anachimanga mozungulira tchalitchi chakale chomwe ankapempherabe m'katimo mpaka chatsopano chitatha. Ku Victoria, tawuni yaikulu ya pa Gozo, tinasiya magalimoto munsi nkukwera wapansi ku Citadel, linga la pamwamba pa phiri pomwe umaona pafupifupi chilumba chonse. Gaidi anafotokoza za 1551 pomwe asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey anagwira pafupifupi anthu onse a pa Gozo nkupita nawo ku ukapolo. Tinakhala chete, enafe tikuganiza za Nkhotakota.

Ku Dwejra ndi kumene kunandigwira mtima ngati munthu woyendetsa alendo. Azure Window, thanthwe lija looneka ngati zenera limene linali pa chithunzi chilichonse cha Malta, linagwera m'nyanja pa 8 March 2017 kutachita namondwe. Kulibe, tinangoona madzi. Koma alendo anali mbwee, ndipo gaidi anatulutsa chithunzi chakale nkutiimika pamalo pomwe chinajambulidwa, nkufotokoza mmene mafunde ankalidyera pansi pang'onopang'ono, mmene alendo ankayendera pamwamba pake ataletsedwa kale, mpaka tonse tinamva chisoni ndi mwala womwe sitinauonepo. Munthu ameneyu ntchito amaidziwa. Ife kuno mlendo akalephera kuona mkango ku Majete timangoti pepani bwana lero sanatuluke, nkhani yathera pomwepo.

Ku tchalitchi cha Ta' Pinu Akatolika athu anasangalala kwambiri. Mu 1883 mayi wina wa kumudzi, Karmni Grima, anati anamva mawu akumuitana m'kachalitchi ka pamenepo, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafikapo mu 1990, patangopita chaka atabwera kuno ku Blantyre mu 1989. M'kati muli zipinda zodzaza ndi zinthu zomwe anthu anasiya pothokoza, ndodo zoyendera, tizovala ta makanda, zipewa za pa njinga yamoto. Kuchoka apo tinatsikira ku Xwejni kuona timaiwe ta mchere tosema pa thanthwe m'mphepete mwa nyanja, madzi amauma ndi dzuwa mchere nkutsala, mabanja amakolola nyengo yotentha. Aliyense anagula kathumba, Achemwali anagula tambiri ati nkokagawa kumpingo.

Tsopano chakudya. Ku Marsalforn anatikonzera tebulo lalitali pafupi ndi madzi, ndipo choyamba kubwera chinali buledi, tomato wouma ndi titchizi ting'onoting'ono ta mkaka wa nkhosa tomwe amati ġbejniet, tina tothira tsabola wakuda. Mlamu analuma kamodzi nkukakulunga pa tishu mwakachetechete. Kenako kunabwera spaghetti ya msuzi wofiirira, ife nkudya mwamphamvu poganiza kuti nkhomaliro ndi imeneyi, a Tcheya mpaka anapempha yowonjezera, osadziwa kuti umenewo ndi msuzi chabe wa ndiwo imene ikubwera. Mbale zazikulu zitafika ndi kalulu, fenek m'chinenero chawo, wophika nthawi yaitali ndi adyo, tomato ndi vinyo, pambali mbatata ya kachewere yootcha. Anthu mimba zinali zitadzaza kale koma palibe anabwerera m'mbuyo. Vuto linali la Mai athu a Chisabata, kalulu sadya, ndiye atamva kuti msuzi wa spaghetti ija unali wa kalulu yemweyo nkhope inagwa, ndipo anadzudzula a Sekiletale kuti fomu ya zakudya tinalemba tili ku Blantyre inapita kuti. A Sekiletale anati anatumiza, Mai anati mukanafunsanso pofika, mawu anakwera ndithu mpaka matebulo ena kutembenuka. Abusa ndi amene anaziziritsa, ndipo mwini malo atamva anabwera yekha kudzapepesa nkuwaphikira nsomba ya lampuki osalipiritsa. Enanso osamwa anadandaula za vinyo wa mu ndiwo, Ankolo amvekere mowa unathawa ndi nthunzi uwo idyani. Apa ndinene motsindika chifukwa ndi bodza limene likuyenda pa gulupu: Ankolo sanamwe. Ndinakhala moyang'anizana nawo, anamwa Kinnie, chakumwa chawo cha malalanje owawa chija, mabotolo awiri, akukwinya nkhope koma osasiya.

Zinachitika tikuchoka ku Marsalforn. Gaidi ankayenda pang'onopang'ono chifukwa kutsogolo kunali thalakitala, Ankolo mtima wa pa Highway unawapeza, anaimba hutala, kupitirira Mai Msungichuma, kupitirira gaidi, kupitirira ndi thalakitala yomwe, Achemwali akukuwa kuti Ankolo lamulo lija! Pamphambano pomwe timayenera kukhotera kumanzere kukwera ku Xagħra iwo anangowongoka njira ya ku Victoria. Gaidi anaima, kuimba foni ya Mlamu, foni ili pa silent m'chikwama. Atatu aja akuti atazindikira kuti atsala okha Ankolo anakana kufunsa njira, anati phiri ndi lomwelo ndikuliona, nkulowa timisewu ta m'midzi topanikiza ngati tinjira ta m'Ndirande, kukwera phiri lolakwika, kutsika, kukweranso lina, liwiro lili pamwamba kuti atipeze. Amene anawabweza ndi agogo ena omwe anakhala pakhomo, Abusa atatsika kukafunsa mwaulemu.

Ife nthawi imeneyo tinali ku Ġgantija, akachisi a miyala omangidwa cha m'ma 3600 BC, akale kuposa mapiramidi a ku Egypt, miyala ina yotalika kuposa mamita 5, ndipo ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika a dziko lonse lapansi kuyambira 1980. Mlamu anafika titatsala pang'ono kutuluka ndipo zinamuwawa kwambiri, poti iye ndi amene ankafunitsitsa kuona mmene amasamalira malo otere phiri la Mulanje litalowa pa mndandanda womwewo mu 2025. Anangothamanga kuzungulira kamodzi.

Gaidi anayang'ana dashibodi ya Ankolo nkupukusa mutu, koma anati tikayenda modekha ifika. Tinatsikira ku gombe la Ramla kwa mchenga wofiira kuja, potsika batire imabwezako pang'ono ukachotsa phazi, anthu anasambitsa mapazi, zonse bwino. Pokwera chitunda chopita ku Nadur mpamene galimoto ya Ankolo inayamba kufooka, ife kumbuyo tikuona ikukwawa, kenako pa dashibodi panayaka kachithunzi ka kamba, chizindikiro choti batire yatsala pang'ono kutheratu ndipo galimoto yadzichepetsera mphamvu yokha. Ankolo anakuwa kuti tsikani mukankhe igwire! Abusa ndi Mlamu anatsikadi, a Tcheya anaima ife nkuthamangira kukathandiza, kukankha chitunda thukuta lili kamukamu, Ankolo ali pa chiwongolero akuti liwiro liwiro, mpaka gaidi anabwerera akuthamanga nkutiuza kuti ya magetsi siigwira pokankha, mungakankhe mpaka ku doko. Mai Msungichuma anaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Koma chilungamo chake, Ankolo anaiimika bwino pamalo otakasuka pa chitunda chovuta, anatchinga mwala ku tayala, palibe anavulala. Mnzake wa gaidi anabweretsa galimoto ina, chombo chomwe tinakonza chinatisiya tinakwera chotsatira.

M'chombo munali mlandu. Panali ndalama yowonjezera yokatengera galimoto ija, ena amati alipire Ankolo okha, ena amati thumba la gulu, Ankolo amati anapatsidwa galimoto ya batire yotopa komanso ananyamula anthu olemera, Abusa amvekere musandiike m'kamwa ine. Gaidi anali atanena kale kuti zonse zinanyamuka zodzaza mofanana, chinadya batire ndi mapiri owonjezera aja ndi liwiro. Ine maganizo anga ngoti Ankolo analakwa kupitirira gaidi, palibenso zokambirana. Koma tisanafike ku Ċirkewwa anaimirira okha, anavula chipewa nkupepesa gulu lonse, makamaka Mlamu, ndipo tinagwirizana theka iwo theka thumba. Analipira usiku womwewo. Dzina loti a Kamba analilandira okha ndipo akuyankha, koma za mowazo zithe lero.

Pa zomwe tinapitira kukaphunzira: gulu laling'ono limayenda bwino ndipo mlendo amalipira mosangalala akamayendetsa yekha, gaidi amayeza njira yonse molingana ndi batire nkusiyako yapadera, magalimoto amatchajidwa usiku, malamulo amanenedwa ulendo usanayambe ndipo woyendetsa amasayina, malo odyera, ogulitsa mchere ndi eni maboti onse amapindula ndi ulendo umodzi. Zambiri zili mu lipoti la komiti.

Chimene chatsala m'mitu mwathu ndi Likoma. Ndi yaing'ono kuposa Gozo, ma square kilomita 18 pomwe Gozo ndi 67, ili ndi St Peter's Cathedral, magombe, mibuyu, ndipo magetsi a sola anaikako kale. Mafuta kuti afike kumeneko amachita kukwera chombo. A Tcheya akuti misewu ya dothi ndi mitengo ya mabatire zitigwetsa, Mai Msungichuma akuti tiyambe ndi njinga za magetsi zochepa tione. Ine ndili mbali ya Mai.

Zikomo kwa anzathu a ku Malta amene anatiitana ndi kutilandira, kwa gaidi wathu woleza mtima, kwa a Sekiletale pa nkhondo ya maviza ija, kwa Achemwali amene anabisa ufa ndi mthiko mu sutikesi nkutiphikira nsima usiku wa tsiku limeneli, tinadyera mazira ndi kabichi koma anthu anaimba nyimbo. Zikomo Abusa pa mapemphero ndi pokankha. Zikomo amuna awo a Mai Msungichuma potitengera ku Chileka usiku, komanso nonse amene munatsala mukusunga ma booking athu.

Amene muli ndi vidiyo ya pa chitunda cha Nadur tumizani kwa a Sekiletale, ya Achemwali ikugwedera kwambiri chifukwa ankaseka. Loweruka likubwerali tikumana malo omwe aja 2 koloko, nkhani ndi ya Likoma, bwerani ndi mitengo ya Ilala kuchokera ku Nkhata Bay ndi ya malo ogona, ndipo amene simunamalize chopereka cha mwezi uno Mai akuti abwera ndi kope.