Zikomo nonse, kamnyamata kathu kayambanso kulongolola

Abale anga ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira mwezi watha koma ndikangotenga foni misozi imayamba ndisanalembe kalikonse, lero ndati basi ndilembe chabe mmene zibwerere, mukapeza zolakwika mundikhululukire.

Ambiri mukudziwa kuti mu Febuluwale, sabata imene anthu anali kukwera magalimoto kupita ku Mtenguleni ku Nc'wala, ife tinali m'chipatala ndi kamnyamata kathu ka zaka 2 ndi miyezi 7. Anayamba ndi malungo, kenako chibayo, masiku 19 tili mu wodi ya ana, kapaipi ka okosijeni m'mphuno, kanyula padzanja atamata ndi pulasitala. Masiku onsewo chimene mwana anamva kuchokera pakamwa panga chinali chimodzi, usagwire. Usagwire paipi, usagwire dripi, usachotse pulasitala, usiku ndimagona nditamugwira timanja tonse kuti asazule. Titatuluka thupi linabwerera koma mwana uja sanabwerere ayi. Iye amene ankalongolola ngati wailesi, kukalipira nkhuku, kuitana aliyense wodutsa panjira, anangoti zii. Akhala pamphasa manja pamiyendo, umupatse kagalimoto ka waya angokayang'ana. Ku sikelo anati akulemera bwino, makutu akumva, mupirire amai. Ambuye ake nawonso anati ni mantha chabe adzatha okha. Koma miyezi itatu mwana osanena ngakhale amama, mtima sungakhale pansi.

Ndiyambe ndi inu amai a Chigwirizano, munkabwera ndi phala mu fulasiki m'mawa uliwonse mosinthana, Mulungu akuwonjezereni. Anzanga a chilimba munandipatsa ndalama mu Malichi pomwe nthawi yanga inali ya Meyi ndipo palibe anadandaula, kapena munadandaula kumbali ine sindinamve kkkk. Aneba anga a pamsika wa Kapata kuno ku Chipata munandigulitsira zitenje mwezi wathunthu ndikubweretsa ndalama ndi kabuku kake zonse zolembedwa. Alamu anga munatinyamula pa njinga yamoto ma 02 usiku mvula ikugwa. Anesi a usiku aja amene ankabwera ndi tochi kudzaona mmene akupumira, sindidziwa maina anu koma nkhope zanu ndazisunga.

Manje amene ndalembera kwambiri ndi ana asukulu omwe sandidziwa nkomwe. Mwana wa akulu anga ali ku sekondale ndipo ali mu JETS, ija ya Junior Engineers, Technicians and Scientists, komwe ana amapanga zinthu zawo za sayansi n'kumapikisana kuyambira pasukulu mpaka kukafika pa dziko lonse. Anandikakamiza kuti anti bwerani mudzaone pulojekiti yanga, ine ndimakana chifukwa kuzizira kwa Juni ndi fumbi ndimaopa chifuwa cha mwana, koma anandivuta mpaka ndinamuveka majuzi awiri ndi kachipewa ndikumubereka.

Mu holo muja munali phokoso ngati pamsika. Uku asefa madzi amatope ndi mchenga, timiyala ndi makala m'botolo loduka, uku athira soda mu viniga baluni ikufufuma yokha pakamwa pa botolo, ena alumikiza mandimu ndi misomali ndi tiwaya ta kopa kuti kababu kakang'ono kayake. Ndinamutsitsa kumsana ndipo anangoima atagwira chitenje changa. Kenako tinafika patebulo la kamtsikana kena kochepa thupi, jekete yasukulu yomukulira, kanaika njinga yakale chagada, mateyala m'mwamba, ndi dayinamo ija yooneka ngati kabotolo, yoyatsira nyale, imene inkakhala pa njinga za atate athu itakhudza teyala lakumbuyo, tiwaya tiwiri tikupita ku babu yomangidwa pathabwa. Mwana wanga anatambasula dzanja kufuna pedulo, ine pakamwa panatseguka pokha, usagwire! Anabweza dzanja msangamsanga ngati wapsa.

Kamtsikana kaja kanandiyang'ana n'kunena mwaulemu kuti amai musiyeni agwire, tinapangira zomwezo. Kanagwada pansi pa simenti, kutenga dzanja lake n'kuliika pa pedulo, dzanja lake pamwamba, n'kuyamba kuzungulitsa pang'onopang'ono. Teyala linayamba kulira fyuu, babu inafiira kaye ngati khala lamoto, atawonjezera liwiro inawala. Anasiya, inazima. Mwana anayang'ana babu, kuyang'ana dzanja lake, kuyang'ananso babu. Anakankha yekha, mphamvu zochepa, inangophethira. Anakankhanso ndi manja awiri lilime lili panja, itawala anakuwa holo yonse kumva, malaitiii!

Inu amene muli ndi ana m'makomboni mukudziwa mfuu imeneyo, ndi ija amakuwa ana onse magetsi akabwera, makamaka kuyambira 2024 pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba tikukhala mumdima pafupifupi tsiku lonse. Mwana wanga anabadwira m'zimenezo, ndiye liwu loyamba patapita miyezi itatu silinali amama ayi, linali malaiti. Sindinakhumudwe, ndinangokhala pansi pomwepo ndikulira, aphunzitsi ena kuthamanga kuganiza ndakomoka.

Kamtsikana sikanadziwe chimene chachitika, kanangopitiriza kufotokoza monga kanakonzekera kuuza oweruza, akuti mkati mwa dayinamo muli maginito amene amazungulira pafupi ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri, ndipo kuzungulirako ndiko kumabala magetsi, ku Kariba nakonso ni chimodzimodzi kungoti chozungulitsa ndi madzi osati dzanja, madzi akachepa makina sazungulira mokwanira. Ine wa zaka 34 ndinamvetsa tsiku limenelo chifukwa chake tinkaphikira pa mbaula. Tinakhala patebulo pake mwina mphindi 40, anthu ena akudikira, sikanatithamangitse. Kamnyamata ka tebulo loyandikana kanamubwereka maginito ochotsa mu sipika yakufa, anayenda nawo akunyamula misomali ndi zitsekero za mabotolo, atayesa pa poto wa aluminiyamu maginito anakana kumata ndipo mwana anakwiya n'kunena kuti iyai, liwu lachiwiri limenelo.

Nditamuuza mng'ono wanga amene ali ku Johannesburg anati kumeneko ku Newtown kuli malo otchedwa Sci-Bono Discovery Centre, chinyumba chonse cha zinthu za sayansi zoti ana azigwira, kukoka, kuzungulitsa, makolo amapita ndi tiana tawo masiku opuma. Ine ndinalowako kamodzi ku Lusaka National Museum, ndi kokongola ndithu koma zambiri ndi zoona ndi maso. Kuno ku Chipata tinakhala mzinda mu 2017, mashopu akuluakulu tili nawo, koma malo oti mwana akagwire chinthu popanda womukalipira sindinawaone. Zinthu zimene ana a JETS amapanga mpikisano ukatha zimangounjikidwa kapena kuphwasulidwa. Kutakhala kachipinda kamodzi chabe kotsegula Loweruka, ndi njinga ija, maginito, mabotolo a madzi, ine K10 ndingalipire mosadandaula ndipo ndikudziwa amai ambiri angatero.

Manje panyumba mtendere watha. Akulongolola kuyambira m'mawa, ambuye ake akuti bola muja anali chete kkkk. Njinga ya atate ake tsiku lililonse aipeza chagada pabwalo, iye ali pa pedulo kudikira malaiti amene sakubwera chifukwa ilibe dayinamo, ndipo ine ndikuphunzira kuluma lilime, ndimangoyang'anira tizala kuti tisalowe mu tcheni ndi masipoko.

Kamtsikana ka njinga, dzina sindinafunse chifukwa cha misozi, mwana wa akulu anga akuti si wa pasukulu pawo. Aphunzitsi amene munabwera ndi mwana wa pulojekiti ya dayinamo, chonde mumuuze kuti amake kamnyamata ka majuzi awiri akuti zikomo, ndili ndi chitenje chake ndamusungira. Ndipo amene ali ndi dayinamo yakale m'nyumba, ngakhale ya dzimbiri bola ikugwira ntchito, mundigulitse, atate ake azungulira ku Down Shops ndi kwa okonza njinga kawiri konse sanaipeze.