Amuna 603,550 m'chipululu cha Sinai

Abale owerenga Baibulo, chiwerengero cha pa Numeri 1:46 chimandizunguza mutu. Amuna a zaka 20 kupita m'tsogolo, otha kupita kunkhondo, anapezeka 603,550, kupatula Alevi. Mukaphatikizapo amayi ndi ana, ndi anthu oposa 2 miliyoni m'chipululu, ziweto zili pambuyo. Komatu pa Numeri 3:43 ana aamuna oyamba kubadwa analipo 22,273 basi. Tagawani nokha muone: banja lililonse likadakhala ndi ana aamuna osachepera 27. Mayi ake uti ameneyo? Ine ndimaona kuti alembi akale ankalemba ziwerengero zoterezi pofuna kuonetsa kukula kwa mtundu, sikunali kalembera ngati wa boma ayi. Paja banja la Yakobo linapita ku Igupto lili ndi anthu 70 okha.