Okutobala uno ndili pa mabuku 6 ndi theka

Mu Januwale ndinadzilonjeza kuti chaka chino ndiwerenga mabuku 12, limodzi pamwezi basi, osati zampikisano ayi. Nde lero ndatsegula kope lija ndimalembamo angongole pa shopu, kumasamba akumapeto nkomwe ndimalemba mabuku amene ndamaliza, ndawerenga kawiri konse kuti mwina ndaphonya koma ayi ndithu, ndi 6 ndi theka. Masamu ake mukuwaona nokha, Disembala uyu ali pakhomo.

Mlandu wina ndiupereke kwa dzuwa la kuno ku Salima. Ine nthawi yowerenga ndimaipeza pa shopu pompo, pa Kamuzu Road, makasitomala akati zii, kuyambira cha m'ma 1 koloko mpaka 3. Mu Juni ndi Julayi mwera ukuwomba ndinamaliza atatu mosavuta, koma pano malata aja akatentha umangoti ukawerenga ndime imodzi maso ayamba kulemera, thukuta ndooo kudonthera pa tsamba, kenako wina wafika akufuna mayunitsi a 200 ndipo akupatsa 5,000 kuti umusinthire. Ukabwerera sukudziwanso unalekera pati.

Lachisanu ndi chimodzi ndamaliza sabata yatha, lija la William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka 2009. Ndikudziwa ndachedwa nalo, anthu anaonera kale filimu yake ya 2019 mpaka kuiwala. Chingerezi chake nchosavuta, dikishonale ndinaitsegula mwina kanayi kokha. Koma ndinene zoona, ine za makina amphepo aja sizinandigwire mtima kwambiri ngati mmene anthu amanenera. Inde nzodabwitsa, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu wasiya sukulu kamba ka fizi, wapeza buku m'kalaibulale, nkutolera zitsulo zotayidwa, njinga ya bambo ake, dainamo, mitengo ya bulugama mpaka babu kuyaka. Chomwe chinandikhalitsa chete ndi machaputala a njala ya 2001 mpaka 2002. Ine nthawi imeneyo ndinali kamwana ka sitandade 3 ndipo ndimakumbukabe amayi akusefa gaga kawiri katatu kuti apeze kaufa, ife titazungulira lichero ngati anapiye. Ndinafika pamenepo ndinatseka buku, tsiku limenelo sindinawerengenso. Pano lili ndi mnzanga wina wa kabaza, iye akuti akungofuna pa dainamo pokha, ndamuuza kuti likabwera lopindika makona tidana.

Theka lija nde nkhani yeniyeni ya lero.

Mwezi watha ndinapita kumudzi kwa Khombedza kukazonda agogo, nde tikufunafuna khadi lawo lakuchipatala m'thilanki ya malume ndinakumana ndi Nthondo, la Samuel Josiah Ntara. Chikuto kulibe, masamba achita chikasu, mphemvu zinadyako m'mbali, fungo lake lija la m'thilanki losakanikirana ndi sopo wakale. Dzina lake ndinalimva kalekale kwa aphunzitsi a Chichewa koma ndinali ndisanaligwirepo. Bukuli ndi la 1933, a Ntara anali mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, linapambana mphoto pa mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nkulitcha Man of Africa. Tangoganizani, zaka zoposa 90 zapitazo munthu analemba kale nkhani yaitali m'chinenero chathu chomwechi, ife lero tikamalemba meseji ya mizere iwiri timathawira ku Chingerezi.

Tsamba loyamba linandipunthwitsa. Langali ndi la kalembedwe kakale kaja kopanda h, umapeza cifukwa, cakudya, cina ciliconse, nde mutu umafuna kuwerenga kuti kifukwa. Patapita masamba angapo ndinazolowera. Vuto lenileni ndi mawu, ena sindinawamvepo chibadwire ngakhale ndimadzitama kuti Chichewa ndi changa.

Apa mpomwe agogo analowerera. Maso awo anafooka koma makutu ali bwinobwino, nde atamva ndikung'ung'udza pakhonde anati, iwe ukuwerenga chani chamumtima ngati mfiti, tawerenga mokweza timve nawo. Ndinayamba. Sindinathe ndime ziwiri anandiimitsa, akuti mawu amenewo satchula choncho, ukumveka ngati mwana wa m'tauni. Kenako tafika pa za mwambo wa mwana akabadwa, eee, buku linaima kaye pafupifupi ola lathunthu, agogo akufotokoza za chikuta, mmene mayi ankakhalira m'nyumba osatuluka mpaka mchombo utagwa, ndani ankaloledwa kulowa, za mchere ndi mdulo, mpaka anandiuza za kubadwa kwa amayi anga, nkhani yoti ine ndi zaka zanga zonsezi ndinali ndisanaimve. Tsiku limenelo tinawerenga masamba 4 okha.

Kuyambira pamenepo ndinaganiza kuti Nthondo sindiwerenga ndekha. Ndinalisiya komweko, Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndimakwera minibasi kupita kumudzi, timakhala pansi pa mtengo wa mango, ine kuwerenga iwo kudula mawu. Nthondoyo akachita zopulupudza agogo amamukalipira ngati ali pomwepo, akuti ameneyu anasowa womulanga, ndipo amamufanizira ndi msuweni wanga wina yemwe sindimutchula pano poti amawerenga zimene ndimalemba. Pa liwiro limeneli chandamale changa cha 12 chija chafa, ndipo ndikuona kuti sizikundipweteka kwenikweni.

Koma pali tsoka. Lamulungu lapitali ndinati ndisuzumire kumapeto ndione kuti kwatsala masamba angati, nkupeza kuti buku likuthera pakati pa chiganizo. Kumapeto kulibe, kunang'ambidwa bwinobwino motsatira ulusi. Nditafunsa, malume anayamba ayang'ana kumbali, kenako akuti, mphwanga usandiimbe mlandu, nthawi imeneyo nyuzipepala inkasowa ndipo pepala lake linali lofewa bwino. Anapichirira chingambwe! Mathero a Nthondo anapita ndi utsi kalekale ine ndisanabadwe nkomwe. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, ine kuseka kunandikanika.

Nde amene muli nalo lathunthu, kaya ku Salima konkuno, kaya ku Nkhotakota, kaya ku Chipoka, chonde ndibwerekeni, kapena mungojambula masamba akumapetowo pa foni ndidzawerengere agogo. Musandiuze mmene inathera, ndikufuna tikamve limodzi.

Zomwe ndikudikira. Choyamba ndi I Will Try la Legson Kayira, la 1965, mphunzitsi wina wa sekondale amene amagula mayunitsi pa shopu panga wandilonjeza kuti ana akamaliza mayeso andibweretsera. Ameneyu ndi uja ananyamuka kwawo ku mpoto 1958 nkuyenda wapansi mpaka ku Khartoum ku Sudan pofuna sukulu ya ku America, ndipo anakafikadi. Ine wopita ku Senga Bay ndimadandaula minibasi ikachedwa kudzaza, nde ndikufuna ndimve kuti mutu wa munthu wotere umayenda bwanji.

Chachiwiri ndi la Jack Mapanje lofotokoza za kundende, And Crocodiles Are Hungry at Night, la 2011. Anamutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ndakatulo zake ndinayesapo kale zinandilemera, sindinama, Chingerezi cha ndakatulo ndi ine sitimvana, koma poti ili ndi nkhani yolunjika mwina ndikwanitsa. Mchemwali wanga wa ku Lilongwe akuti analiona kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, mtengo wake anautchula ndinangoti dikira kaye mwezi uthe. Akakapeza litagulidwa basi ndi mwayi wa wina.

Mbiri ya Achewa, la a Ntara omwewo, nalonso ndikulifuna, koma limeneli ndikuopa. Ngati masamba 4 a Nthondo anatitengera tsiku lonse, za a Kalonga ndi mafuko a Phiri ndi Banda agogo adzandisunga mpaka mvula ya chaka chamawa.

Pali lina lachisanu ndi chiwiri ndinaliyamba mu Ogasiti, lija la mtundu wa momwe mungalemerere msanga, ndinalisiya pa tsamba 30. Wolembayo zikuoneka kuti sanakongozepo shuga kwa neba. Pano ndimatsekera chitseko cha shopu kuti mphepo isamachimenyetse, ndipo m'kope sindinaliwerengere.

Lamulungu likubwerali tiyambira pomwe tinapinda tsamba, agogo atumiza kale uthenga kuti ndisaiwale buledi ndi batire la tochi.