Tsiku langa m'labotale: korali ndi kuwala kwa maikulosikopu

Lero ndakhala pafupifupi tsiku lonse m'chipinda chamdima cha labotale, ndikuyang'ana kachidutswa ka korali wa mtundu wa Acropora pa maikulosikopu. Munthu wosadziwa angakayese kamwala chabe, koma pamwamba pake pamakhala tinyama tambirimbiri totchedwa polyp, tomwe ndi tapachibale ndi jellyfish (nyama zam'nyanja za thupi lofewa looneka ngati ambulera), ndipo ndi tinyama timeneti timene timamanga matanthwe a pansi pa nyanja pogwiritsa ntchito calcium carbonate, chinthu cholimba chimene chimapanganso zigoba za nkhono.

M'mawa ndinayamba ndi kuwala kochepa kwambiri, ndipo timanja ta tinyamato tinali totambasuka, tikugwedezeka pang'onopang'ono m'madzi. Nditayatsa kuwala kwa buluu, thupi lonse linawala mobiriwira, mkati mwake mukuoneka timadontho tofiira tothithikana, moti ndinakhala kanthawi osagwira chilichonse. Kubiriwirako kumachokera ku mapuloteni a korali mwiniwake, ofanana ndi aja amene wasayansi wa ku Japan, Osamu Shimomura, anapeza mu jellyfish mu 1962, pamene timadontho tofiirato ndi ndere zazing'ono zotchedwa zooxanthellae, zimene zimakhala m'maselo a korali n'kumapanga shuga kuchokera ku dzuwa, shuga amene amapatsa korali gawo lalikulu la chakudya chake.

Masana ndinalakwitsa. Pofuna chithunzi chooneka bwino, ndinawonjezera mphamvu ya kuwala, ndipo posakhalitsa tinyamato tinapinda timanja tawo n'kubisala m'timaenje ta chigoba chawo. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinazindikira kuti chimene ndinkajambula tsopano sichinalinso khalidwe la korali, koma kuvutika kwake chifukwa cha nyali yanga. Ndinazimitsa zonse n'kudikira mumdima kufikira timanja titayambanso kusuzumira kamodzikamodzi.

Podikirapo ndinkaganizira za Great Barrier Reef, mndandanda waukulu wa matanthwe a makorali ku Australia, kumene makorali ambiri anayera mu 2016 ndi 2017. Madzi akatentha kupitirira muyeso wa nthawi zonse wa m'nyengo yotentha ndi digiri imodzi yokha kwa milungu ingapo, ndere zija zimalephera kugwiritsa ntchito kuwala konse kumene zikulandira, zimayamba kutulutsa zinthu zowononga maselo, ndipo korali amazilavula n'kutsala woyera mbuu, wopanda chomudyetsa.

Madzulo ndinajambulanso, koma ndi kuwala kochepa ndiponso kwa kanthawi kochepa pa chithunzi chilichonse. Zithunzizo zatuluka zoderako, komabe timanja tonse tikuoneka totambasuka, ndipo ndi zimenezi zimene ndasunga kuti ndipitirize nazo mawa.