Ohm's law yandilowa m'mutu chifukwa cha kanyumba ka katoni

Kamodelo kanga ndi ka sikelo ya 1:50, kanyumba ka zipinda zitatu ndi khonde, ndipo ndimafuna kaziyaka ngati muli anthu. Apa mpomwe V = IR (voteji = karenti kuchulukitsa ndi resistance) ija tinkangoloweza kuti tikhoze MSCE yayamba kumveka, anzanga, chifukwa LED, kanyale kakang'ono kamene ndikuyatsira kanyumbaka, siili ngati babu ya tochi yakale ija. Ikangofika voteji yake imakoka karenti mosadziletsa mpaka kupsa, ndiye resistor, kachipangizo kochepetsa karenti, ndi imene imaigwira.

Masamu ake ndi ochepa. Mabatire atatu a AA apereka 4.5V, LED yoyera imadya pafupifupi 3V, zotsala ndi 1.5V, ndiye ukagawa ndi karenti ya 0.01A (ndiyo 10mA) upeza resistor ya 150 ohms, ija ya mizere ya brown, green, brown. Yofiira imadya 2V basi, masamu akupatsa 250, koma yapafupi imene imapezeka ndi 270. Ambiri amakamba za 20mA poti ndiyo imalembedwa pa ma LED a 5mm, koma ine ndikuti pa modelo 20mA ndi yambiri zedi, kachipinda ka masentimita 6 kamawala mothobwa m'maso, makoma osaonekanso. 10mA ndi yabwino, kuchipinda chogona olo 5mA ikwana, komanso mugule ya warm white, yoyera mbuu ija imapangitsa nyumba kuoneka yozizira.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya parallel. Mukalumikiza yofiira ndi yoyera pamodzi pa resistor imodzi, yofiira iyaka bwinobwino koma yoyera ingokhala duu ngati yafa pomwe ili bwino, chifukwa yofiira ija yagwira voteji pa 2V ndipo inzake ikufuna 3V. Karenti ili ngati madzi a mvula, imathamangira kotsetsereka. Olo zitakhala zoyera zonse sizifanana ndendende, ina imakoka kwambiri nkutentha, ikatentha imakokanso kwambiri. Ndiye LED iliyonse ikhale ndi resistor yakeyake, musaumire, ma resistor ndi otchipa ndipo ena mutha kuchotsa pa bolodi ya wailesi yakufa.

Batire ya 9V ija ya makona anayi imakopa poti ndi yaying'ono, imabisika pansi pa modelo, koma ili ndi ma 500mAh okha (mAh ndi muyeso wa magetsi amene batire imasunga) pomwe AA ya alkaline imapitirira 2000mAh. Ma LED 12 pa 10mA iliyonse ndi 120mA, 9V itha m'maola anayi, ma AA akankha maola 16 kapena kuposa. Ngati mwasankhabe 9V, ikani zoyera ziwiriziwiri mu series, kutanthauza motsatizana pa mzere umodzi, kuti mphamvu isamangothera kutenthetsa resistor.

Mwendo wautali wa LED ndi positive, ndipo mukadula miyendo yang'anani mbali yophwatalala ya kamutu, imeneyo ndi negative. Yesani chilichonse musanamate denga, ndikubwereza, musanamate denga! Katoni woyera amadutsitsa kuwala, ndiye m'kati mwa makoma ndinapaka penti wakuda kenako woyera pamwamba pake, mawaya ndikuwadutsitsa pansi pa bolodi mpaka pa switch.

Pano ndikuphunzira kuwotcherera tima LED ting'onoting'ono topanda miyendo totchedwa SMD, ta saizi ya 0603, tija ta mamilimita 1.6 m'litali, ndi waya wa enamel wopyapyala, kuti nyale ya pakhonde ikwane pa sikelo yake chifukwa LED ya 5mm pa 1:50 ikuyimira babu ya masentimita 25.